Nthambi Ziwiri za Kankhande

Kwa Mdletshe, Nquthu
8 Julaye 2012

Mlongo wanga Velaphi,

Ndayamba ndi moni, pakuti amayi anatiphunzitsa kuti munthu salowa m'nyumba ya mnzake nkhani ili kale kukamwa. Uli bwanji kumeneko ku Jubail, dziko la mchenga la kutsidya kwa nyanja? Msana uja unkadandaula unaleka? Nanga maso ukuwatchinga bwino pa moto wowotchererawo? Ife kuno tadzuka. Kukuzizira kwambiri chaka chino, moti m'mawa madzi a m'diramu akumauma pamwamba, ndipo mbuzi zikukana kutuluka m'khola mpaka dzuwa litakwera.

Masukulu atsekera, ndiye ndabwera kudzakhala ndi amayi. Mkazi wako Nomvelo ndinamuona ku Mnambithi ndisananyamuke. Ali bwino, ana nawonso ali bwino. Snenhlanhla watalika mpaka kundipitirira, ndipo akaseka amatseka pakamwa ndi dzanja ndendende ngati iwe.

Udabwa kuti bwanji kalata pamene foni ilipo. Chifukwa chake ndi iweyo. Ndikangoti pali nkhani, iwe umafunsa kuti zingati, ndipo ndisanayankhe umati belu lalira, utumiza Lachisanu. Kalata ndiye sungaidule pakamwa. Khala pansi, uvule nsapato zolemerazo, uwerenge mpaka kumapeto.

Amayi sakupeza bwino. Usadzidzimuke, akuyenda, akudya, akutilalatirabe. Koma miyendo yatupa, ndipo kuchoka pakhomo kufika pakhola akupuma panjira. Anamwino a pachipatala chathu chaching'ono anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mtima watopa. Anati atha kukhala nafe zaka, athanso kutisiya mvula isanagwe. Amayi eni ake akudziwa. Mankhwala akumwa, koma akuti chimene chikuwalemera pamtima si cha mapilitsi.

Akuti sakufuna kukafika kumene akupitako n'kukafunsidwa ndi apongozi awo kuti mwana wathu munamusiya kuti. Akufuna ababa abwere kwawo.

Iwe unali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene uthenga uja unafika, ndiye mwina zambiri sukuzikumbuka. Ine ndikukumbuka zonse. Uthenga unatipeza ababa ataikidwa kale m'manda ku Welkom, pakuti mwala unawagwera pansi pa mgodi, ndipo panalibe woti n'kulipira galimoto yonyamula maliro ulendo wonsewo. Chimene chinafika pakhomo pano ndi sutikesi yawo yachitsulo. Munali bulangete, wailesi, jekete la kutchalitchi ndi nsapato zatsopano za mwana wamwamuna, zimene zinakuthina. Zaka zoposa makumi awiri za pansi pa nthaka zinakwana m'sutikesi imodzi, mwamuna mmodzi n'kuisenza paphewa kuchokera pamsewu.

Chaka ndi chaka takhala tikunena kuti tidzapita ndi nthambi ya kankhande kukatenga mzimu wawo. Poyamba panalibe ya basi. Kenako inali sukulu yako ya ntchito zamanja. Kenako malata a nyumba ya amayi, ukwati wako, maliro a azakhali, ana a malemu msuweni wathu amene anatsalira m'manja mwathu. Palibe chimene chinali chopanda pake. Koma ababa akadali kumeneko.

Tsopano imva zimene sindinakuuze. Pa tchuthi cha Pasaka ndinapita ku Welkom, ndipo manda ndinawapeza.

Anandiperekeza ndi Marelize, mzungu uja timaphunzitsa naye, amene unamutcha wailesi yopanda batani tsiku lija anatipatsa mtokoma wa mabisiketi pa ukwati wako. Takhala pa tebulo limodzi m'chipinda cha aphunzitsi zaka zambiri, ndipo ndinkadziwa kuti anakulira ku Free State, koma sindinamufunsepo kuti pati. Tsiku lina ndikudandaula kuti sindidziwa ngakhale poyambira kufunafuna, iye anaika kapu pansi n'kunena kuti ku Welkom ndi kwawo, bambo ake analinso a mumgodi. Anati galimoto ilipo, petulo tigawana, ndipo ndikakana andikwiyira mpaka Khirisimasi.

Ndinavomera, koma mtima unali m'mwamba. Ukudziwa kuti bambo ake a Marelize sakanakhala ogwira chitsulo chobowolera. Iwo anali ndi chiphaso chophulitsira miyala, chija munthu wakuda sankaloledwa kukhala nacho ngakhale atakalambira pansipo. Ababa ankabowola, wina ankabwera kudzayatsa. Pamapeto pa mwezi wina ankalandira chimene ababa akanachigwirira chaka chathunthu. Sindikudziwa ngati unali mgodi umodzi, ndipo tonse awiri tinaopa kufunsa.

Njira yonse Marelize analankhula. Za agalu ake, za mwamuna wake amene sadziwa kuphika ngakhale dzira, za mphunzitsi wamkulu wathu. Titalowa m'tauni anati tiyambe tadutsa pa nyumba imene anakulira. Ndi nyumba wamba, Velaphi, ya zipinda zitatu, khonde lofiira ndi mtengo wa mapichesi kumbuyo. Anaimitsa galimoto n'kuyamba kuloza: apa ndinathyoka mkono, apa ndi pamene bambo ankakhala akaweruka, akusenda lalanje ndi mpeni wa m'thumba. Anati tsiku lililonse dzuwa likapendeka ankakhala pa geti kuwadikira, ndipo iwo ankamunyamula asanavule n'chipewa chomwe.

Kenako anatembenuka, misozi ili m'maso, n'kunena kuti, “Komatu sitinali olemera, Hlezi. Mayi anga ankasoka okha madiresi athu.”

Ndinamuyankha kuti ndikumukhulupirira. Ndipo ndimamukhulupiriradi. Fumbi la mumgodi silinasankhe khungu, bambo akenso linawadya mapapo. Koma iwo anatsokomolera pabedi lawo, m'nyumba ya kunyanja imene anagula atapuma ntchito, ana awo atawazungulira. Nyumba ya mapichesi ija anaigulitsa n'kumulipirira Marelize koleji ndi kumuyambitsira nyumba yake. Ya kunyanjayo pano amachititsa lendi, ndipo ndi imene ikuphunzitsa ana ake.

Lero ine ndi Marelize timalandira chimodzimodzi, mpaka senti. Sizinali choncho pamene tinkayamba, koma lero zili choncho, ndipo anthu amati nanga mukudandaulanso chiyani. Kungoti yake imalowa m'nyumba imodzi, yanga imagawika makomo atatu isanafike n'pakhomo panga. Iye anapeza mizere yolimidwa kale, anangodzala. Ife tinapeza tsala la zitsa, ndipo tikuzulabe. Tidzapuma ntchito chaka chimodzi, iye ndi ine, koma sitidzapuma mofanana.

Zonsezi ukuzidziwa kuposa ine. Ndi iwe unandiuza pa bwalo la ndege tsiku unkanyamuka, kuti ife tinabadwira m'dzenje ndipo moyo wathu wonse ukuthera kukwirira, koma ana ako adzayambira pamtunda ngati ana a azungu. Sindinakutsutse tsiku limenelo ndipo sindikukutsutsa lero.

Koma ndili m'galimoto muja, kuyang'ana geti lija, sindinasirire khonde lofiira kapena mapichesi. Ndinasirira lalanje. Ndinasirira mwana wodziwa kuti dzuwa likapendeka bambo ake atulukira pakona. Ndinafunsa Marelize kuti komboni ya amuna okhaokha inali kuti, ndipo analoza ndi chala, kuseri kwa mulu wa dothi loyera la mumgodi. Ndi pafupi, Velaphi. Munthu atha kuyenda wapansi tiyi asanazizire. Ababa ankagona pamenepo, pa bedi la simenti, ife tikuwaona pa Khirisimasi pokha.

Ukukumbuka mmene unkawathawira? Akangotulukira ndi sutikesi iwe unkalowa pansi pa bedi, n'kumafunsa amayi kuti mlendoyu apita liti. Pofika tsiku loti wawazolowera mpaka kukwera pamsana pawo, linali tsiku lowaperekeza kubasi.

Manda sitikanawapeza patokha. Amayi anali atandipatsa dzina la a Lephoto, Msutu uja anabweretsa sutikesi, ndipo anati ankapemphera limodzi ndi ababa ku Thabong, dera la anthu akuda la ku Welkom. Tinafunsa pa matchalitchi angapo. Pomaliza mayi wina wogulitsa mandasi anatilozera kanyumba ka malata, ndipo tinawapeza a Lephoto ali pampando panja, afunda bulangete lawo lachisutu, akukangana ndi nkhuku.

Nditatchula dzina la ababa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati mphumi imeneyi akuidziwa, ndi ya munthu amene anawasowetsa tulo zaka zambiri ndi mkonono. Anayang'ana Marelize n'kundifunsa ngati masiku ano ana a Mdletshe akuyenda ndi dalaivala wachizungu. Marelize anawayankha m'Chisutu chake chothyokathyoka kuti inde, ndipo malipiro ake ndi ochepa. Mkuluyo anawomba m'manja, nati tikhale pansi, dziko latembenukadi.

Anatiuza zambiri. Anati ababa anali aumbombo pa iwo okha, sankagula ngakhale botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo sopo ankadula pakati. Anati Lamlungu masana ankakhala padzuwa kusoka nsapato za anzawo kuti apezeko yapadera, uku akutchula mayina a ng'ombe zimene adzagule. Anati ankanena za iwe kawirikawiri, kuti mwana wawo sadzalowa pansi, adzagwira ntchito yoona dzuwa.

Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa dzina limene ankawaitana m'komboni. Ndinati ayi.

“Tinkawatcha a Chaka Chamawa,” anatero. “Kontirakiti ikatha, ife tikumanga katundu, iwo ankati anyamata, ino ndi yomaliza, chaka chamawa simundionanso. Akapita kwanu sankakhalitsa, ankathamangira kubwerera kuti bonasi ya wobwera msanga isawadutse. Ndipo sankanama, mwana wanga. Chaka chilichonse ankanena zoona.”

Anati ngakhale sabata imene mwala unagwa, ababa anali atawauza kuti kwangotsala ng'ombe ziwiri ndi sukulu ya mnyamata, basi.

M'khutu mwanga, Velaphi, munali mawu ako. Chaka chatha unati utsirize kaye nyumba. Chaka cha dzana unati Snenhlanhla alowe kaye sukulu yabwino. Nomvelo anandiuza, osati modandaula, kuti tchuthi chako umachigulitsa kwa mabwana ako, umagwira ntchito masiku amene ukanakhala kuno chifukwa amalipira kawiri. Usamukalipire, ndinachita kumukakamiza. Khirisimasi zinayi zadutsa mpando wako uli wopanda munthu.

A Lephoto anakwera nafe galimoto mpaka kumanda. Ndi thengo, udzu wofika m'chiuno, ndipo pa manda alionse pali kachipilala ka simenti kofika m'kakolo. Tambiri tinagwa, tina tinakwiririka. Iwo sanayang'ane n'zipilala zomwe. Anayenda molunjika ku mtengo wa bulugamu wopsa mbali imodzi, natembenukira kumanzere, naima. Anati kwa zaka zambiri ankabwera pa Pasaka kudzazula udzu, mpaka mawondo atawakana.

Anavula chipewa n'kunena kuti, “Mdletshe, dzuka, mkonono wakwana. Kwabwera mwana wako wamkazi.”

Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa. Ndinangowauza kuti amayi alipo, kuti nyumba ili ndi malata, kuti mnyamata uja anakula ndipo sanalowe pansi. Sindinawauze kuti uli kutali kuposa kumene iwo anafika. Marelize anaima patali, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni anali chete. Nditadzuka ndinapeza akuzula udzu ndi manja, minga itamulasa m'zala.

Pobwerera tinaima m'tauni ya m'njira yotchedwa Bethlehem. Kumeneko Marelize anagula tiyi, nandipatsa, nati sadziwa choti anene. Ndinamuuza kuti asanene kanthu, angoyendetsa bwino. Anati tsiku lodzawatenga, galimoto yake ilipo.

Nditafika kuno ndinafotokoza zonse kwa amayi ndi kwa bambo aang'ono a Fanyana. Bambo aang'ono maso anafooka kwambiri, amazindikira munthu ndi mawu, ndipo ulendo wautali sangauthe. Anati mwambo ukudziwika. Wonyamula nthambi akhale wamagazi a Mdletshe, wamwamuna, wakuti akaitana mwini wake amve mawu a kwawo. Akafike pamanda, awauze kuti tabwera kudzakutengani. Kuchoka pamenepo asalankhule ndi munthu wina aliyense, asachewuke, azingolankhula ndi nthambiyo. Aziwauza pokwera, potsika, ndi pa mtsinje uliwonse kuti tsopano tikuwoloka, kuti asatsalire tsidya lina. Mpando wawo ukhale wawowawo, pasakhale munthu kapena katundu.

Ndinafunsa ngati ine sindingathe. Bambo aang'ono anati pakanakhala palibe mwana wamwamuna akanandilola, pakuti mwambo si mwala. Koma mwana wamwamuna alipo, ndipo mkulu wawo akadzafunsa kuti nanga mnyamata wanga ali kuti, iwo sadziwa chodzayankha.

Za galimoto ya Marelize, bambo aang'ono anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati mkulu wawo sanakwerepo galimoto ya mzungu kupatula kumbuyo kwa lole, ndiye akaiona adzakana kulowa, adzayesa kuti akumutengera kupolisi. Amayi sanaseke. Anati akwera, ndipo akwera kutsogolo, pampando wa bwana, zenera lotsegula, aone dziko limene analikumba pansi osaliona pamwamba. Anati mtsikana wachizunguyo aziyendetsa pang'onopang'ono pa milatho, ndipo pakamwa atseke. Nditamuuza Marelize pafoni anati za milatho wavomera, koma zinazo tizimupempherera.

Ndiye zonse zakonzeka, mlongo wanga. Mbuzi ilipo, mapira a mowa alipo, woyendetsa alipo. A Lephoto akuti tifulumire iwo asanasamukire kumandako nawonso. Bambo aang'ono akuti mwezi wa Sepitembala ndi wabwino, kusanayambe kugwa mvula. Chimene chikusowa sichingabwere Lachisanu kudzera kubanki.

Sindikukuuza kuti usiye ntchito. Ndikudziwa chimene thukuta lako lachita pakhomo pano, ndagona pansi pa malata ako usiku wathawu. Ndikudziwanso kuti dzenje lija ndi lenileni, si iwe unalikumba, ndipo mwina ngakhale ana athu adzalipeza lisanadzaze. Nthawi zina ndimawerenga za mayiko ena n'kupeza kuti nakonso zili chimodzimodzi, mabanja awiri kugwira ntchito moyo wonse, lina n'kusiya nyumba, lina n'kusiya sutikesi. Zimandipweteka, ndipo sindidziwa mankhwala ake. Koma ndaona kuti anatilanda zinthu ziwiri. Anatilanda malipiro, anatilandanso madzulo. Malipirowo ukuwathamangitsa, ndipo Mulungu akuthandize uwapeze. Koma madzulowo tsopano tikupereka tokha.

Chaka chino chokha usagulitse tchuthi. Ndi chokhacho ndikupempha.

Pali chinanso, ndipo ndalimbana nacho ngati ndilembe kapena ayi. Dzulo masana tinakhala padzuwa kuseri kwa khitchini, amayi akudya phuthu, nsima yoyoyoka ija, ndi chambiko, bambo aang'ono akufotokoza za mtengo wa kankhande uli kuchigwembe kuja, umene unkakukola malaya ukamakatenga mbuzi. Anati tsiku lonyamuka ndidzawatsogolere kumeneko m'mamawa kuti akadule okha nthambi.

Amayi anaika supuni pansi n'kunena kuti, “Mukadule ziwiri, alamu.”

Bambo aang'ono anafunsa kuti inayo ndi ya yani, popeza wotsala kutali ndi mmodzi.

“Ya Velaphi,” anatero amayi. “Ndikufuna ndimuuze ndekha mitsinje yake ndikadali ndi mawu. Hleziphi sadziwa njira ya kumchengako.”

Bambo aang'ono anakwiya. Sindinawaonepo atakwiyira amayi chotero. Anati mawu amenewo alavule, nthambi sadulira munthu wamoyo, kumeneko ndi kumuitanira tsoka mwana. Amayi anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako analavuladi pansi, napukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango. Anati amva, alakwa. Ndipo anatembenukira kwa ine.

“Ndiye umulembere,” anatero. “Umuuze kuti ngati ali moyo abwere ndi miyendo yake.”

Ndalemba, Velaphi.

Ambuye akusunge pa moto ndi pa zitsulo, akupatse tulo tabwino ndi mabwana achifundo. Upereke moni kwa Mbongeni wa kwa Sithole amene uli naye kumeneko, umuuze kuti amayi ake ndinawaona kutchalitchi ndipo akuyenda okha tsopano. Upatsenso moni anzako a m'chipinda, ngakhale sindiwadziwa, pakuti ndaphunzira kwa a Lephoto kuti munthu wogona naye chipinda chimodzi kutali ndi m'bale. Amayi akupereka moni. Bambo aang'ono akuti ubweretse magalasi akuda, awoneke ngati munthu wa ndalama pa tsiku la mkulu wawo.

Mayina a mitsinje ndakulembera kuseri kwa pepalali kuti uyambe kuwaloweza. Womaliza ndi Mzinyathi. Umenewo sufunika kuloweza, unaphunzirira kusambira momwemo.

Ndine mlongo wako wokusowa,
Hleziphi